Liwiro la Galamafoni ya Amalume Hobart

San Francisco
4 Malichi 1969

Achemwali Ozella,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi Amayi, pamodzi ndi ana a sukulu makumi atatu aja amene mumati anakupatsani kuti mulipire machimo a makolo athu. Ine ndili bwino. Ndikudya. Amayi muyambe mwawauza mawu amenewo: ndikudya.

Nkhani ndi iyi: chatuluka! Chimbale choyamba cha gulu lathu lija, Ambulera ya Lachitatu. Musandifunsenso tanthauzo la dzinali. Woimba ng'oma wathu anachita kulilota, ndipo tsiku lovota ine ndinali ndi chimfine. Ndakutumizirani chimodzi, ndachikulunga m'malaya anga akale kuti chisasweke panjira.

Mbali yoyamba ili ndi nyimbo zisanu zazifupi, za magitala ndi chitoliro, zoti munthu atha kumvera akusita zovala. Kumbali yachiwiri ndiye kwagona nkhani. Ndi nyimbo imodzi yokha ya mphindi 22, dzina lake “Pansi pa Phiri”. Imayamba ndi magitala oyenda ngati nkhungu, kenako kugunda kwakuya ngati mtima wa ng'ombe, kenako mawu a munthu wamwamuna, otsika kwambiri moti zomwe akunena sizimveka, amangonjenjemeretsa mawindo. Kuno anthu apenga nayo. Amagona chagada pansi atatsinzina, ena mpaka misozi. Pachikuto tangolemba kuti woimbayo ndi “Mzimu wa Phiri”.

Chonde Amayi muwaikire mbali yoyamba yokha. Inayo ndi yaitali, ingawatopetse.

Ndiuzeniko za kumudzi. Mlatho uja anaukonza? Ndipo ngati jamu wa maapozi watsalako, mundikumbukire. Wa kuno amakoma ngati sopo.

Mlongo wanu,
Verlin


Redbud Fork, Kentucky
18 Malichi 1969

Verlin,

Landira moni wa tonse. Amayi ali bwino, ndipo akufunsa kuti ngati ukudyadi, bwanji pachithunzipa ukuoneka ngati mpini wa tsache? Mlatho sanaukonze. Anabwera anthu atatu a mataye, anauyang'ana, anagwirizana kuti ndi wothyokadi, n'kubwerera.

Chimbale chinafika Lachinayi lapitali. Ine, amene ndinatha zaka zinayi ku yunivesite ndikuphunzira kumasulira ndakatulo za anthu akufa, ndakhala ndi chikuto chakechi masiku asanu ndipo chandigonjetsa. Ndithandize. Pali nsomba yovala chipewa, ikutuluka m'dzira, ndipo dziralo lili ndi zenera la makatani. Nsombayo ikuimira chiyani? Boma? Nanga makataniwo anasoka ndani? Ndipo mwa anthu asanu ali kumbuyoku, iwe ndi uti? Amayi aloza wa kumanzere, ine wa pakati. Amalume Hobart akuti iwo akuonapo akazi anayi ndi nkhosa imodzi.

Tinakutumiza ku California kukaphunzira za miyala. Ndikuona kuti phiri walipezadi, kungoti walilowera chapansi.

Koma amene wandichititsa chidwi ndi Mzimu wa Phiriyu. Ndani ameneyu? Amadya chiyani? Ali pabanja? Sindikufunsira munthu wina ayi, zaka zikupita.

Nyimbozo sitinazimve. Waiwala kodi kuti chilowere Amayi mumpingo, m'nyumba muno chinthu chokhacho chololedwa kuimba ndi ketulo? Ngakhale kutchalitchi kwawoko amaimba ndi pakamwa pokha, limba amati ndi mipando ya Satana. Ndiye amalume Hobart adzipereka. Loweruka masana atulutsa galamafoni yawo pakhonde la sitolo.

Apa ndivomere kulakwa. Ndinawawerengera amalume mzere wako uja woti Amayi asamve mbali yachiwiri. Pofika Lamlungu chigwa chonse chinali chitadziwa kuti kuli mbali yachiwiri. Anthu amene sanagulepo kanthu kwa amalume chithere nkhondo akuti Loweruka ali ndi zogula. Amayi nawo akuti apita kukatenga mchere. Mchere tili nawo matumba awiri.

Mlongo wako,
Ozella


San Francisco
22 Malichi 1969

Achemwali,

Moni mwachangu, ndikulemba nditaimirira ku positi. Galamafoni ya amalume Hobart AYI. Bwerekani ya kusukulu, kapena dikirani ndidzabwere nayo yanga.

Ngati zakanika, yang'anani kachitsulo kali pambali pa mbale yozungulira ija. Pali manambala atatu: 33, 45 ndi 78. Kakhale pa 33. Zimbale zakale za amalume zonse ndi zothamanga, za 78, ndipo ndikukumbuka kuti kachitsuloko anakamangirira pomwepo ndi waya chifukwa kankagwedera. Masulani wayayo. Dulani ngati n'kotheka.

Ndi nkhani ya luso chabe. Nyimbo imakoma pa liwiro lake. Palibe chifukwa china.

Wa pakatiyo ndine.

Verlin


Redbud Fork
27 Malichi 1969

Verlin,

Moni. Tonse tili moyo, ndipo sabata ino sindingalonjeze zoposa apo. Kalata yako ya “luso chabe” yafika lero. Ndaona tsiku lomwe unailemba. Pamene iwe unkanyambita sitampa, kuno singano inali ikutera pachimbale.

Khala pansi ndikufotokozere.

Pakhonde panali anthu osachepera makumi anayi. Analiponso a Estill Napier, mkulu wa mpingo wa Amayi, amene anati abwera kudzagula misomali. Anaisankha misomaliyo umodziumodzi kwa ola lathunthu. Amayi anaima pakhomo ndi thumba lawo la mchere.

Amalume anati, “Mbali yoyamba tiisiye, imeneyo ndi ya ana. Tiyambe ndi yoletsedwayo.”

Ine ndinaona nambala pachimbalepo. Ndinati, “Amalume, apa alemba 33.”

Iwo anati, “Iwe mwana wa sukulu, galamafoni iyi yaimba pa 78 zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, sinadandaulepo. Chimbalecho ndicho mlendo, chizolowere.”

Magitala ako oyenda ngati nkhungu aja anamveka ngati udzudzu wotsekeredwa m'chitini. Anthu anaseka, ine ndinakuchitira manyazi pang'ono, zonse zinali bwino. Kenako unabwera mtima wa ng'ombe uja. Kungoti kuno sunali mtima. Unkati chugu, chugu, chugu. Mayi Napier anapendeketsa mutu n'kunena kuti, “Aka, amenewa si akupukusa batala?” Wina kumbuyo anati, “Ndipo chivindikiro cha mtsukowo ndi chong'aluka, tamvani mmene chikulirira. Chigwa chino mtsuko wotero ulipo umodzi.”

Asanamalize, Mzimu wa Phiri unatsegula pakamwa. Mlongo wanga, sanali mwamuna. Anali mkazi, mawu ake oyera ngati madzi a pakasupe, ngati a mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo liwu lililonse linkamveka mpaka kutsidya kwa msewu:

Wokumba zitsime wafika pakhomo,
bambo ali kumsika, abwera mawa.
Mayi, ndikumbe pati? Kumba pomwe ukudziwa,
madzi a kuno sakhala patali.

Ndime ziwiri zotsatirazo sindilemba. Ndine mphunzitsi wa ana.

Maso onse anatembenukira kwa Amayi pakhomo paja. Ndi amalume okha anamenya bondo n'kukuwa kuti, “Orpha! Ndiwe uyu! Ndiwe wa 1928, kudansi ya m'chinyumba chosungiramo udzu kwa a Begley! Ndinkayesa unafa kalekale, mlongo wanga!”

Amayi anayang'ana galamafoni, anayang'ana amalume, n'kunena kuti, “Mcherewu ndi wonyowa, Hobart.” Anauika pansi bwinobwino n'kuyenda kupita kunyumba, msana uli chilili.

A Estill anavula chipewa, anachivalanso, n'kulengeza kuti nkhaniyi ikambidwa pamsonkhano wa mpingo pa 12 Epulo. Misomali ija anaiiwala pakauntala.

Iwe wakhalitsa kumene anthu amagona chagada pomvera nyimbo, ndiye ndikukumbutse tanthauzo lake. Akhoza kuwachotsa mumpingo. Zaka makumi awiri ndi zitatu pabenchi lachiwiri. Mpingo umenewu ndi womwe unawanyamula Amayi pamene Bambo anafera mumgodi iwe uli wakhanda, ndipo ndi womwe akuyembekeza kuti udzawaimbira pokawagoneka pambali pa Bambo. Wochotsedwa samuimbira.

Ndakwiya nawe. Koma ndisaname, chidwi chikuuposa mkwiyowo, ndipo zimenezi zikundikwiyitsanso. Unachita bwanji? Unawajambula liti? Mayi wochepa thupi ngati wathuyu unamusandutsa bwanji ng'ombe yamphongo? Nanga amalume anamubweza bwanji ndi waya wa khola la nkhuku?

Amayi sakutchula dzina lako. Dzana anapukusa batala ali chete. Sindinkadziwa kuti chete amasokosa chonchi.

Amalume akuti ndikuuze kuti nyimbo yako yonse inatha m'mphindi zisanu ndi zinayi, ndipo akuona kuti akuthandiza.

Ozella


San Francisco
2 Epulo 1969

Achemwali,

Moni. Sindifunsa ngati muli bwino, ndawerenga.

Ndinawajambula pa Khirisimasi. Tsiku lija munapita kukaona Mayi Begley, Amayi ankayesa kuti nanenso ndatuluka. Ndinali pamasitepe a kuseri ndi makina anga a tepi, ndikufuna kujambula kulira kwa mtsinje. Ndiye ndinamva akuimba kukhitchini. Achemwali, chibadwire changa ndinali ndisanawamvepo akuimba nyimbo yopanda manda mkati. Ankaseka pakati pa mizere, okhaokha. Ndinalowetsa maikolofoni pansi pa chitseko. Ndinakhala pamenepo ngati mbava, chifukwa ndinali mbava. Anaimba ndime zitatu, batala n'kugwirana, n'kusiya.

Za ng'ombe yamphongo zinachitika mwangozi. Ku situdiyo, munthu woyendetsa makina analakwitsa, anaika tepiyo pa theka la liwiro lake. Tepi ikachedwa, mawu amatsika: mkazi amakhala mwamuna, mtsuko umakhala mtima wa dziko, kupuma kumodzi kumakhala mphepo. Woimba ng'oma anagwada. Ine ndinaganiza kuti ndapeza zinthu ziwiri nthawi imodzi, nyimbo ndi pobisalira, chifukwa palibe munthu akanawazindikira. Sindinawerengere amalume. Iwo anangobweza zomwe tinachita, n'kupitirirako pang'ono, n'chifukwa chake Amayi anamveka ngati mtsikana.

Ndaikamo kachidutswa ka nyuzipepala ya kuno. Wolembayo akuti Mzimu wa Phiri ndi nkhalamba ya mumgodi ya zaka makumi asanu ndi anayi, ikulira m'chinenero chotayika, ndipo akuti m'mawu akewo akumva “chisoni chonse cha anthu oponderezedwa”. Sabata yatha ndinkanyada nako.

Tsono mverani. Ndaikamonso kalata ina yopita kwa a Estill, tasainira tonse asanu. Ikunena kuti woimbayo ndi mtsikana wa kuno dzina lake Marigold, ndipo ngati mawu akufanana ndi a munthu wina, zangochitika. Marigold alipodi, amatiphikira mpunga, ndipo wavomera. Amayi sakufunika kunena kanthu. Angokhala chete, kalatayo iwanamire.

Ndiyankheni msanga. Akatchula dzina langa, ngakhale molitukwana, mundiuze.

Verlin


Redbud Fork
14 Epulo 1969

Verlin,

Moni, mwana wa Mzimu wa Phiri. Ndachedwa kuyankha dala, kuti nawenso ulaweko kudikira.

Kachidutswa ka nyuzipepala ndakamata pakhoma. Ndikafooka ndimakawerenga. Munthu wophunzira kumva chisoni cha oponderezedwa m'nyimbo ya chitsime cha mkazi wa mwini! Ndikumudziwa mtundu wake, ndinakhala nawo m'kalasi.

Kalata ya Marigold ndinawapatsa Amayi. Anaiwerenga kawiri, chala chili pamzere. Anafunsa kuti, “Marigold ameneyu amadziwa kupukusa batala?” Ndinati ndikukayika. Anatsegula chitofu n'kuiponyamo. Anati, “Kuimba ndi tchimo lomwe ndikudziwa kutalika kwake. Bodza sindidziwa komwe limathera.”

Loweruka tchalitchi chinadzaza kuposa pa Pasaka. Vuto loyamba linali la malamulo. Mlandu umafuna umboni, umboni uli m'galamafoni, ndipo galamafoni siingalowe m'nyumba ya Mulungu. Anakambirana mphindi makumi anayi. Pomaliza mlandu ndi womwe unatuluka panja. Amalume anaimika lole yawo pansi pa mtengo, anakoka chingwe cha magetsi kuchokera kunyumba yoyandikana, akulu asanu n'kukhala pamipando moyang'anizana ndi galamafoni ngati kuti woimbidwa mlandu ndi iyoyo.

Anamvera kamodzi. Mmodzi anati khutu lake la kumanzere silimva bwino, abwereze. Anabwereza. Wina anati ndime yachiwiri sanaigwire, ndipo si bwino kuweruza mlongo pa mawu omwe sunawagwire. Anabwerezanso. Ine ndinkayang'ana mapazi awo. Mapazi khumi, ndipo asanu ndi awiri ankachimwa.

Ulendo wachitatuwo, mawu a Amayi atangotha, a Estill, maso ali chitsinzinire, anagwedeza mutu n'kunena mokweza kuti, “Iyayi, apa padumphidwa. Palinso ndime ija bambo amabwerako kumsika, n'kumwa madziwo, n'kuyamika, n'kumuuza wokumbayo kuti adzabwerenso chaka chamawa.”

Kenako anatsegula maso.

Mlongo wanga, ndaphunzitsa ana zaka zisanu ndi zinayi, ndaona nkhope zambiri za munthu wogwidwa, koma iyi inali ya mphoto. Mayi Napier anatembenuka pang'onopang'ono n'kufunsa mokoma kuti, “A Estill, ndime imeneyo ili patsamba liti m'buku la nyimbo? Ndikufuna ndikaipeze.”

Amalume anagwa palole ndi kuseka. Anati, “Estill, iwe si unkaimba besi kwa a Begley? Unkaima pafupi ndi chitseko kuti bambo ako akabwera uthawe!”

Apa Amayi anaimirira, ndipo phokoso linatha. Anati, “Abale, ndinaimba ndine. Ndinaimbira batala wanga, m'khitchini mwanga, chitseko chili chotseka. Nyimbo zathu za mumpingo ndi zabwino koma zimayenda pang'onopang'ono, batala sagwirana nazo. Ndinayesa chaka chathunthu, ana ankadya buledi wouma. Ngati ndi tchimo, ndalichita Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo ambiri a inu munadya zotsatira zake pamaliro ndi paukwati. Weruzani.”

Anaweruza. Sanawachotse. Awapatsa miyezi iwiri pabenchi lakumbuyo, osatsogolera nyimbo. A Estill, ndiwapatse ulemu wawo, anadzigamula chimodzimodzi. Dzulo anakhala pabenchi limodzi, wina kumapeto uku wina uko, ngati ana anga akamenyana. Usaganize kuti n'zopepuka. Amayi anadutsa benchi lawo lachiwiri osaliyang'ana.

Koma pali china. Anthu atabalalika Loweruka lija, Amayi anapita palole n'kunena kuti, “Hobart, masula waya uyo. Ndikufuna ndimve zomwe mwanayu anagulitsa.” Amalume anang'ung'udza, koma anamasula. Kachitsulo kanapita pa 33 koyamba m'moyo wake.

Mtima wa ng'ombe uja unagunda. Mawu aja anabwera. Amalume, amene pakamwa pawo sipatsekeka ngakhale pamaliro, anavula chipewa. Amayi anakhala pansi pachopondera cha lole. Anamvera mphindi zonse 22, ngakhale pamene iwe umalimbana ndi chitoliro. Ndinawafunsa kuti kwagwanji, amalume anangoyamba kukulunga chingwe cha magetsi. Chidwi chatsala pang'ono kundipha. Amayi akuti akulembera okha, ndipo akana kuti ndiwakonzere zilembo.

Ozella


Redbud Fork
20 Epulo 1969

Verlin mwana wanga,

Ndili bwino. Ng'ombe ili bwino. Ndikhulupirira ukudya monga ukunenera.

Unandibera. Ndiyambe ndi zimenezo kuti zichoke panjira. Munthu akatseka chitseko ndiye kuti watseka. Ukafuna kanthu kwa mayi ako umagogoda. Mwina ndikanakana, koma kukanako kukanakhala kwanga. Kenako unafuna kundikonzera bodza, ndi mwana wa eni wophika mpunga. Chachiwirichi chinandipweteka kuposa choyamba. Benchi lakumbuyo ndi lolimba, ndipo pamalowa mphepo. Ndikhalapo mpaka Juni. Uzikumbukira Lamlungu lililonse.

Tsopano zina.

Nyimbo ija ndinaiphunzira kwa bambo anga, agogo ako Arvel Sizemore, amene sunawaone. Anali wokumba zitsime, koma usaganize zambiri. Ankaimba ali pansi m'dzenje, ine ndi Hobart tili pamwamba kukoka ndowa ya dothi. Mawu awo ankakwera kuchokera pansipo, akuluakulu, ochedwa, mpaka chingwe chinkanjenjemera m'manja. Anamwalira mu 1931. Chithunzi chawo tilibe. Nkhope yawo ndimaikumbukira pang'ono, koma mawu anandithawa kalekale. Ndakhala ndikuwafunafuna zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu.

Hobart atamasula waya uja, anali iwowo. Sindikunena kuti ankafanana nawo. Mmene amakokera mpweya asanayambe mzere, mmene amagwetsera mawu pa “patali”, kaphwete kaja ka pakati. Ndinaphunzira zonsezo ndili mwana osadziwa kuti ndikuphunzira. Ndinali nawo pakhosi nthawi yonseyi, ankangofunika munthu wowachedwetsa.

Sindikudziwa ngati ndikuthokoze kapena ndikukwapule. Ukabwera mu Julayi tidzaona. Ubwere ndi makina akowo, udzawaike patebulo poonekera ngati mlendo wa ulemu. Estill ananena zoona, ndime yachinayi ilipo, ndipo palinso yachisanu yomwe iye saidziwa. Ndikudziwa zina khumi ndi zinayi za agogo ako. Zitatu ndi zoti Ozella adzayambe watuluka panja.

Chitoliro chija uchepetse.

Chomaliza. Ozella akuti zimbale zikatha mumadinda zina. Pa zinazo uchotse dzina la Mzimu. Ine si mzimu, ndikadali moyo, ndipo mpingo wanga sukhulupirira zimenezo. Ulembe mayina awiri, zilembo zofanana kukula: Orpha Maggard ndi Arvel Sizemore. Wina akafunsa kuti anthu awiri aimba bwanji ndi pakamwa pamodzi, umuuze kuti pa 78 ndine, pa 33 ndi bambo anga.

Jamu ndamukulunga m'malaya ako aja. Ndawachapa.

Mayi ako,
Orpha Maggard